Ndikonze M4 yomwe ndili nayo kapena ndigule yodula?

Nkhwazi_22
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mfuti ya masewera a airsoft, M4 yamagetsi ya mtengo wapakatikati, giyabokosi yake ndi ya mtundu wa V2. Sinafe ayi, ikuwomba, koma pali zinthu ziwiri zanditopetsa. BB, kachipolopolo kake ka pulasitiki, ikangopitirira mamita ngati 35 imayamba zake, ina kukhotera kumanzere, ina kukwera m'mwamba. Chinanso, ndikakoka trigger pamakhala kuchedwa, mota imalira kaye kenako BB n'kutuluka, mnzanga uja atabisala kale. Ndalama zimene ndasunga zikukwana chimodzi mwa ziwiri: kugula zipangizo zamkati n'kupatsa wokonza, kapena kugulitsa imeneyi, kuwonjezerapo, n'kutenga ya Tokyo Marui, Krytac kapena VFC. Amene munayenda njira zonse ziwirizi, ndalama zambiri zinapita kuti, ndipo ndi iti imene sinakusiyeni pa njira tsiku la masewera?

Mphenzi
Gulitsani aise. Ndalama zothira m'mimba mwa mfuti yotchipa sizibwerera. Tsiku lodzaigulitsa, wogula amayang'ana dzina lili kunja, zamkatizo amangoti "ndani akudziwa amene anatsegula".

Gologolo
A Mphenzi, mfuti timagulira kudzagulitsa kapena kusewera nayo?

Magiya18
A Nkhwazi, musanatulutse ndalama iliyonse, mavuto mwatchulawo ndi awiri osiyana, ndipo palibe limene likuchokera ku dzina la kampani.

Kukhota kwa BB kumachokera kutsogolo, ku hop-up ndi paipi ya mkati. Mu hop-up muli kamphira kamene kamakhudza BB pamwamba ikamatuluka n'kuizunguza chobwerera. Kuzungulira kumeneko n'kumene kumachititsa kuti mpweya uinyamule, ipite patali osagwa msanga. Kamphirako kakang'ambika, kakauma, kakakhala mopendekeka kapena kakalowa mafuta, BB iliyonse imazungulira mosiyana ndi inzake. Yambani ndi kutsuka paipi. Masulani hop-up yonse, kulungani kansalu koyera pa kandodo kaja kamabwera ndi mfuti, kanyowetseni ndi isopropyl, pukutani, sinthani kansalu, pukutaninso mpaka katuluke koyera. Mukatero yesani ma BB abwino a 0.25g kapena 0.28g. Ngati mukuwombabe 0.20g panja, kamphepo kakang'ono kokha kakukwanira kukusokonezani.

Kuchedwa kwa trigger ndi nkhani ya magetsi. Batire yanu ndi yanji? Ngati ndi NiMH ya 8.4V yokhala ndi pulagi ya Tamiya, yambirani pomwepo. LiPo ya 7.4V pa pulagi ya Deans nthawi zambiri imadzutsa mota msanga kuposa imeneyo, ngakhale nambala yake ikuoneka yochepa.

Nkhwazi_22
Ndi NiMH ya 8.4V ndithu, ndipo ma BB ndi 0.20g. Paipi ndiitsuka madzulo ano.

Mphenzi
Zimene anena a Magiya ndi zoona, sindikutsutsa. Koma ndaona mmene nkhani imeneyi imathera. Munthu amayamba ndi kamphira ndi batire. Akaona kusintha, mtima umafuna zina. Agula LiPo ya 11.1V. Iyo iyamba kuwotcha tizitsulo ta trigger chifukwa cha moto umene umathetheka tikamagundana, ndiye pafunika MOSFET, kachipangizo ka magetsi koteteza tizitsuloto. MOSFET yalowa, mota yakale ikutentha, agula ya maginito a neodymium. Tsopano mfuti ikuthamanga kwambiri koma sipuling'i ndi yofewa, pisitoni isanafike kutsogolo giya yaigwira kale, mano a pisitoni ayoyoka. Agula pisitoni ya mano achitsulo okhaokha, chotsatira kuthyoka ndi magiya. Chilichonse pachokha chimaoneka chotchipa. Mukaphatikiza zonse, pamodzi ndi ya wokonza ndi yotumizira katundu, mwafika pa mtengo wa yodula ija, koma m'manja mwanu mukadali thupi lomwe lija logwedera, ndipo waranti inatha tsiku limene giyabokosi inatsegulidwa.

tate_wa_awiri
Ndikugwirizana ndi a Mphenzi, ndipo pali mtengo wina umene anthu sauwerengera, wa nthawi. Ine mpata wosewera ndimaupeza mwa apo ndi apo. Yanga ndinaipereka kwa wokonza wina, sinditchula, kuti aike mota yamphamvu ndi magiya othamanga a 13:1. Inabwera ikuyankha bwino kwambiri, chala kungokhudza BB yapita. Masewera ali mkati ndinamva kulira kwachilendo, mota ikuzungulira koma palibe chotuluka. Tsiku lonselo ndinakhala pambali kuonerera anzanga. Titatsegula tinapeza mano a bevel atadyeka mbali imodzi, chizindikiro choti sanakhale bwino ndi kagiya ka mota. Zipangizo zinali zabwino, zodula ndithu, koma manja amene anaziika anapupuluma. Kuyambira pamenepo ndimasewera ndi mfuti imene sinatsegulidwepo.

Magiya18
A tate, nkhani yanuyo ikuikira umboni zimene ndimauza anthu. Chimene chinalephera si kukonza mfuti, ndi kukonza kosasamala. Ntchito imene imapatsa giyabokosi moyo wautali siigulidwa m'paketi. Mu V2 muli magiya atatu, bevel, spur ndi sector, ndipo iliyonse imakhala pa timawasha topyapyala ta 0.1mm, 0.2mm, 0.3mm. Umayamba ndi bevel, kuilinganiza ndi kagiya ka mota. Umatseka chigoba, kumanga masikuluwu onse, kuzunguza ndi chala, kumvetsera. Ikagwedera, umatsegula n'kuwonjezera kamodzi. Ikalimba, umachotsa. Umabwereza choncho pa giya iliyonse, ndipo madzulo onse atha kuthera pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wokonza amene ali ndi mfuti zambiri pamzere sangapereke nthawi imeneyo pokhapokha mwamulipira moyenera, ndipo fakitale yopanga zotchipa siipereka n'komwe.

A Mphenzi, njira mwafotokozayo ndi ya munthu wogula zipangizo asanadziwe chimene chikudwala. Pisitoni ya pulasitiki inaikidwa dala kuti pakachitika vuto ithyoke iyoyo, chifukwa ndiyo yotchipa m'katimo. Woika ya chitsulo chokhachokha popanda chifukwa wangosamutsira ngozi ku magiya. Ndipo amene akufuna 11.1V ndi magiya othamanga pa mphamvu yochepa amaika sipuling'i yolimbirapo n'kuchotsa mano angapo pa sector, kuti pisitoni ibwerere msanga koma mphamvu isakwere. Zimenezi n'zodziwika kale, kungoti anthu amadumpha.

Chinanso cha V2: chigoba chake chimakonda kung'aluka kutsogolo, m'makona a zenera la silinda, makamaka pa sipuling'i zolimba ngati M120 kupita m'mwamba. Mankhwala ake ndi kupala makonawo ndi tupa wozungulira kuti asakhale akuthwa, ndi kuika kamphira ka sorbothane pa mutu wa silinda. Kamphira komweko kamathandizanso kuti dzino loyamba la sector ligwire pisitoni mowongoka. Zonsezi mtengo wake ndi wochepa, chachikulu ndi manja.

Mphenzi
Ndiye mwavomereza nokha kuti pamafunika katswiri. A Nkhwazi ndi katswiri?

Magiya18
Kusintha kamphira ka hop-up ndi batire sikufuna kutsegula giyabokosi. Pamenepo aliyense angathe.

Kadzidzi
Ndiikepo za Tokyo Marui chifukwa dzinali limatchulidwa kwambiri pa nkhani ngati ino. Iwowa ndi amene anatulutsa mfuti yamagetsi ya mtundu umene tonse tikugwiritsa ntchitowu, FAMAS, mu 1991, ndipo V2 ndi V3 zimene makampani ena amapanga lero zinatengera kwa iwo. Ku Japan lamulo limaletsa kupitirira 0.98 joule (muyeso wa mphamvu ya BB), choncho mfuti zawo zimatuluka m'bokosi zikuwomba pansi pa 100 m/s ndi BB ya 0.20g. Paipi yawo ya mkati ndi 6.08mm, yotakasuka kuposa 6.03 kapena 6.01 zimene anthu amathamangira kugula. Komabe pabwalo zimafika patali ndipo ma BB amatsatana mzere umodzi. Chifukwa chake ndi hop-up yabwino ndi mpweya wosathawa, kuwomba kulikonse kukhala kofanana ndi kwapita.

Koma a Nkhwazi dziwani izi musanagule. Zamkati mwake anazipangira mphamvu yochepayo. Mukadzafuna liwiro la 400 fps (mapazi pa sekondi) mudzayamba kusinthanso zipangizo, ulendo womwe uja a Mphenzi akuuopa, koma pa mfuti yodula. Ndipo za mtundu wa NGRS, zimene zinayamba mu 2007, zija zimagunda paphewa, zambiri n'kusiyanso kuwomba magazini ikatha, zili ndi giyabokosi yakeyake ndi magazini akeake. Chipangizo chikathyoka simungabwereke kwa mnzanu wa V2 wamba.

Gologolo
Komanso tisamayankhule ngati zotchipa za lero ndi zomwe zija zakale. Zambiri masiku ano zikubwera ndi MOSFET kale, hop-up ya gudumu, ndi sipuling'i yosintha osatsegula giyabokosi. Onani Specna Arms EDGE kapena CYMA Platinum. AK za CYMA za V3 anthu amazidziwa kuti zimapirira nkhanza. Mpata wa pakati pa yapakatikati ndi yodula wachepa kwambiri mkati. Kunja ndiko kwatsala kusiyana.

NyenyeziM4
Kunjako musakupeputse a Gologolo. Ine ndinagula yodula ndipo sindidandaula. Thupi lake siligwedera, njanji ya pamwamba ndi yowongoka moti red dot, galasi lolozera, ndikailinganiza imakhala pomwepo, chosinthira semi (kuwomba imodziimodzi) ndi auto (motsatizana) chimagwa m'malo mwake ndi kaphokoso komveka. Ndikathamanga palibe chimene chimalira. Zimenezi simungazigule ngati zipangizo zoonjezera, pokhapokha musinthe thupi lonse, pamene ndiye mwagula mfuti ina. Gawo lina la mtengo ndi la layisensi ya dzina, zimenezo ndikudziwa. HK416 ya VFC imanyamula zilembo za Heckler & Koch kudzera mwa Umarex, ndipo zilembozo sizionjezera mita ngakhale imodzi. Koma gawo lina ndi la zitsulo zabwino ndi kuyeza kosamala.

Ndinenenso mbali inayo. Mnzanga wa timu yathu anagula yodula ya kampani ina, inafika ikuthawitsa mpweya pa nozzle, kapaipi kofikitsa mpweya ku BB, liwiro likukwera ndi kutsika. Kusiyana kwake n'kwakuti anaibweza kwa wogulitsa, anamusinthira.

Chiphaliwali
Nonsenu mukukangana za magiya. Ikani injini ya HPA, yoyendera mpweya wopanikizidwa wa m'thanki, ya PolarStar kapena Wolverine, m'thupi lomwelo. Mulibe pisitoni yoyoyoka, mulibe magiya odyeka, trigger imayankha nthawi yomweyo, mphamvu mumasintha pa regyuleta.

tate_wa_awiri
Injini, thanki, regyuleta, paipi ya mpweya, ndi kopopera thankiyo. Zonsezo pamodzi zikupitirira ndalama zimene a Nkhwazi anena, achimwene.

Chiphaliwali
Poyamba zimadula, n'zoona. Thanki ya aluminiyamu ya 3000 psi ndiyo yotsikirapo, ya kaboni ya 4500 psi imadula koma ndi yopepuka ndipo imasunga mpweya wambiri. Mathanki ambiri amafunanso kukayezedwa pakapita zaka 5. Koma pa kufanana kwa kuwomba, palibe yamagetsi imene ndinaiona ikufika pamenepo. Chovuta chenicheni ndi paipi ija yochoka kumsana kupita ku mfuti, imakola m'tchire ndipo si onse amaikonda.

Mlonda_wa_bwalo
Ine ndimakhala pa chrono, makina oyezera liwiro la BB, m'mawa uliwonse wa masewera, ndiye ndinene zimene ndimaona. Mfuti zimene timabweza kawirikawiri si zotchipa kapena zodula, ndi zokonzedwa ndi munthu amene ankafuna nambala yaikulu. Munthu waika sipuling'i ya M130, wafika monyadira, chrono yawerenga kupitirira malire, ndipo tsiku lake lathera pomwepo kapena abwereke ya bwalo.

Tiyeni tiziyankhula za joule, osati fps yokha. BB ya 0.20g pa 100 m/s, amene ndi 328 fps, ndi 1 joule ndendende. 350 fps ndi pafupifupi 1.14 joule, 400 fps pafupifupi 1.49. Mfuti ya 1.14 joule mukaiika BB ya 0.28g iwerenga pafupifupi 296 fps. Ena akaona nambala yatsika amaganiza kuti mfuti yafooka, pamene mphamvu ndi yomweyo ndipo BB yolemerayo imasunga liwiro lake nthawi yaitali. Ku UK lamulo la 2017 linaika 1.3 joule pa mfuti zowomba motsatizana ndi 2.5 joule pa zowomba imodziimodzi, ndipo mabwalo ambiri kumeneko amaima pa 350 fps. Malo aliwonse ali ndi malire ake, funsani bwalo lanu musanagule sipuling'i.

A Chiphaliwali, za HPA ndi za gasi ndimaziyeza ndi BB imene mwini wake asewere nayo. Zina zimadutsa bwino pa 0.20g, koma zikalandira 0.40g mphamvu imakwera chifukwa BB yolemera imachedwa m'paipi ndipo mpweya umaikankha nthawi yaitali. Amene amalandira BB imeneyo pakhosi ndi mnzathu.

NyenyeziM4
Pamenepa ndipatuke pang'ono. Ndimaona anthu mfuti yokongola, zamkati zonse zatsopano, koma kumaso avala magalasi osadziwika kumene achokera. Musanagule mota, onani ngati magalasi anu alembedwa Z87+ kapena EN166 B, ndipo akhale otseka mbali zonse. Aja a waya wokhawokha ine sindiwakhulupirira, BB ikasweka tizidutswa timadutsa m'mabowo. Ndipo tsekani pakamwa. Dzino la kutsogolo limathyoka ndi BB imodzi, ndinaona ndi maso anga, mnyamata atagwira pakamwa magazi akutuluka m'zala.

Kadzidzi
Zoona achemwali. Vuto la otseka mbali zonse ndi nthunzi. Mumatani inu?

NyenyeziM4
A magalasi awiri ophatikiza amachedwa kuchita nthunzi. Ndimapakanso mankhwala ake usiku woti mawa masewera, ndipo sindivala nsalu imene imabweza mpweya wa m'mphuno kupita m'maso. Ikafika poti sindikuona, ndimatuluka m'bwalo kaye, sindivula ndili mkati.

Gologolo
Poti tapatuka kale, amene mukusamukira ku LiPo gulaninso chaja yolinganiza maselo. Selo yodzaza ndi 4.2V, musaitsitse kupitirira 3.0V, ndipo mukamasunga nthawi yaitali ikhale pa 3.8V. Ikatupa musaigwiritsenso ntchito. Musaisiyenso yolumikiza mu mfuti ya MOSFET, imayamwa pang'onopang'ono mpaka batire kufa.

Mphenzi
Mwaona a Nkhwazi? Chaja yalowanso pa mndandanda.

Gologolo
Chaja ndi batire adzazifuna ngakhale atagula yodula. Zimenezo siziwerengedwa mbali imodzi.

Dzombe
Palibe amene watchula za gasi. Ngati mukufuna yodula imene mungamve kusiyana kwenikweni m'manja, ndi GBBR, mfuti ya gasi yogunda paphewa, ngati MWS ya Marui. Yamagetsi yodula ndi yamagetsi yokonzedwa bwino zimamveka pafupifupi chimodzimodzi, koma ya gasi ndi dziko lina.

Magiya18
Kukoma kwake sindikana, koma pa funso la kudalirika ndi mtengo imagwa. Magazini amodzi amatenga ma BB ngati 30 kapena 35 ndipo amadula kangapo kuposa a yamagetsi. Green gas ndi propane wosakaniza ndi mafuta a silikoni, kukazizira mphamvu yake imatsika, mukawomba mofulumira magazini amazizira okha. Kwa munthu wa mfuti imodzi, ayi.

Nkhwazi_22
Ndabwera ndi zotsatira. Kansalu koyamba kanatuluka kakuda bii, pena pali timizere toyera ta pulasitiki ya ma BB. Nditatulutsa paipi ndinapeza kamphira kang'ambika pang'ono pa mlomo, pamene nozzle imakhudza. Mnzanga anali ndi ka Maple Leaf kapadera, tinaika, anandibwerekanso LiPo ya 7.4V ndi ma BB a 0.28g. Kusintha kwake n'kwakukulu. Ma BB akupita mzere umodzi ndipo akufika pamene kale sankafika, trigger nayo yachangamuka. Chatsala ndi kugwedera kwa thupi pakati pa chigawo cha pamwamba ndi cha pansi, ndi phokoso la magiya lija lokhala ngati akukukuta. Tsopano funso: ndigule paipi ya 6.01 kapena 6.03?

Magiya18
Musagule kaye iliyonse. Iyang'aneni imene muli nayo pa kuwala. Ngati mkati ndi mosalala, mopanda zokanda, ndipo mukaigubuduza pa galasi siidumpha, isiyeni. Chimene chimapindulitsa pa paipi zodula ngati za PDI kapena Prometheus ndi kuwongoka ndi kusalala kwa mkati, osati kuchepa kwa bowo. Ya 6.01 imaonjezera liwiro pang'ono koma kafumbi kochepa kapena BB yosaumbika bwino imakanirira. Mukafuna kusintha, 6.03 kapena 6.05 ya chitsulo chosachita dzimbiri ndi yokwanira.

Pitani pa chrono muwombe kakhumi motsatizana pa semi, mulembe manambala. Akamasiyana ndi 2 kapena 3 fps, mpweya uli bwino, musatsegule chilichonse chifukwa cha mpweya. Akamasiyana ndi 15 kapena 20, pali pothawira, mwina O-ring ya mutu wa pisitoni kapena nozzle. Phokoso lokukutalo yesani kaye kasikuluwu ka pansi pa chogwirira, kamene kamakweza ndi kutsitsa mota. Tembenuzani pang'onopang'ono mukuwomba mpaka phokoso lichepe. Likapanda kutha, pamenepo ndiye mupite kwa wokonza akaike mawasha, ndipo mumufunse kuti akuonetseni mfuti zimene anakonza zomwe eni ake akuseweretsabe.

Mphenzi
Ndakondwa kuti yasintha, aise. Koma kugwedera kwa thupi kuja sikudzatha ndi kamphira. Ine ndikanasewera nayo mmene ilili, osaionjezeranso kanthu kupitirira batire, n'kumasungabe ndalama zija. Mukadzagula yabwino, imeneyi idzakhala yapadera ya tsiku limene inayo yakana.

tate_wa_awiri
Pa mfundo ya mfuti yachiwiri ndiye palibe mkangano. Yodula ndi yokonzedwa zonse zimafa tsiku lina, fyuzi, waya wa mota kuvuka, tappet plate kuthyoka.

NyenyeziM4
Kugwederako kumachepa mukaika kachidutswa ka tepi kapena ka O-ring pa pini ya kutsogolo. Sikukhala ngati thupi lodula, koma red dot siisuntha chifukwa iyo ndi paipi zonse zili pa chigawo cha pamwamba.

Nkhwazi_22
Zikomo nonse. Ndagula kamphira kangakanga, LiPo ya 7.4V, chaja, ndi magalasi a Z87+ chifukwa anga analibe chilembo chilichonse. Zotsalazo ndazisunga. A Magiya, pomanga kamphira katsopano ndipake mafuta a silikoni kuti kalowe bwino mu hop-up?

Magiya18
Kunja kokha, kadontho kochepa kwambiri, kapena madzi basi. Mkati mwake ndi pa kabampu kokhudza BB pasafike mafuta ngakhale pang'ono, apo ayi BB idzaterereka osazungulira. Mukamakankhira mu hop-up musapotoze, ndipo mukamaliza suzumirani m'paipi mukukweza hop-up, kabampuko katsike mowongoka pakati penipeni. Mukatero bweretsani manambala a chrono aja tiwaone.